Miyendo Yanga Iwiri Yakumanzere

Iwe Tadala, leka kundiyang'ana ngati ndimafuna kukuphera nkhuku. Mpeniwu ndinangotenga kuti ndione m'mimba mwa foni yakoyo, poti wati siikuyaka. Ukuti siitsegulidwa, batire analimatira m'kati, ikafa umapita nayo ku boma kwa anthu odziwa. Chabwino, ndamva, kaibise. Koma ubwere udzakhale pansi, ndi iwe Yami amene ukungoseka uko, ndikuuzeni chifukwa chake dzanja langa limayabwa ndikaona chinthu chopanda potsegulira. Mubweretse ndi manachesi aja tizisenda.

Ana inu munandidziwa ndili kale ndi mwendo wa kuchipatalawu, wosalala, wa zala zake zonse. Mukadali aang'ono munkalimbirana kuuveka nsapato. Koma uwu ndi wachiwiri. Woyamba ndi uja uli kuseri kwa chitseko kuchipinda kwanga, umene amayi anu amautcha nkhuni.

Ine sindinabadwire kuno ku Mwanza. Kwathu ndi kutsidya kwa malire, kupitirira Zobuwe pang'ono. Nkhondo itafika m'mudzi mwathu ndinathawa ndi mayi anga ndi mlongo wanga, anthu a kuno natipatsa pomanga kanyumba. Njala itatipana, ine ndi anzanga tinabwerera kukathyola chimanga chimene tinasiya m'munda. Njira yake inali yomwe ija ndinkadutsamo ndili mwana popita kokumba mbewa. Ndinaponda bomba lokwirira pansi. Za tsiku limenelo sindinena zambiri, si nkhani yodyera manachesi. Anzanga anandinyamula pa machira, madokotala anadula mwendo wakumanzere pansi pa bondo, ndipo ndinatuluka m'chipatala ndili mnyamata wosakwatira, ndodo ziwiri m'khwapa, buluku lopinda ndi pini.

Ndodo zimayendetsa, koma zimakulanda manja. Khasu sungagwire, ndowa sunganyamule, ngakhale moni umayamba waganiza kuti usiye ndodo iti. Mayi anga ankangoti pasensiya, mawu a kwathu otanthauza kupirira. Ine kupirirako kunanditopetsa. Masana ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kalipentala wina dzina lake a Chikopa, amene ankakhoma mipando, zitseko ndi mabokosi a maliro. Tsiku lina anasiya kupala thabwa nandiyang'ana.

"Iwe wa kutsidya, dzina lako ndani?"

"Zuze."

"Zuze, tsiku ndi tsiku uli pomwepo. Ukufuna mpando kapena bokosi?"

"Ndikufuna mwendo."

Anakanda m'mutu ndi pensulo yawo. "Wa tebulo ndimatha. Wa munthu sindinayesepo."

"Yesani pa ine. Palibe chimene muwononge, anawononga kale."

Woyesera anasema pa mlombwa. Unali wokongola, koma kulemera kwake ngati ndikukoka mtondo. Tinausiya, natenga malaina, mtengo wopepuka. Kumwamba anagoba ngati kamtondo kosinjira nsinjiro kuti chitsa changa chizilowamo. Chitsa ndimanena pamene anadula paja. Nditaponda koyamba ndinaona mdima ndi ululu. A Chikopa anandipatsa tchizulo chawo chaching'ono.

"Ine ndasema kunja," anatero. "M'katimo pamene pakupweteka ukudziwa ndiwe. Maliza wekha."

Ndinkapaka makala pa chitsa, kulowetsa, kuponda, kenako kuvula. Pamene makala adetsa kwambiri ndi pamene pakukanikiza, ndiye ndinkapala pomwepo pang'onopang'ono. Masika onse ndinathera kupala. M'katimo ndinayalamo chidutswa cha bulangete, lamba womangira pamwamba pa bondo ndinadula pa chikopa cha ng'ombe, kunsi ndinakhomerako tayala la galimoto. Tsiku limene ndinafika kwa mayi anga ndowa ya madzi ili m'manja, popanda ndodo, anakhala pansi pa khonde naphimba nkhope ndi chitenje.

Kuyambira pamenepo mwendo uja sunathe kupangidwa mpaka lero. Dzinja likafika ndinkachotsa tayala laling'ono n'kuika lotambalala ngati phazi la bakha, kuti ndisamire m'matope. Nthawi yotentha chitsa chimatupa, ndiye ndinkachepetsa bulangete ndi kuboola lamba pena. Minda ya kuno mukuidziwa, ili m'mapiri, munthu amalima mwendo wina uli pamwamba wina pansi. Ndinasema timatabwa tozungulira toika pakati, tomanga ndi bawuti ya ngolo. Mwendo wamtengo ukakhala kumunsi ndinkautalikitsa, ndikatembenuka mzere n'kuufupikitsa. Anthu amiyendo yawoyawo ankaweruka msana ukuwawa mbali imodzi, ine ndikuwaseka kuti bwanji osasintha.

Kenako ndinapeza njinga, yakuda ija yolemera, osati izi za masiku ano zokhala ngati zapangidwa ndi mapesi. Phazi la tayala linkaterereka pa pedulo, ndiye ndinagoba kampata kunsi, kokwana pedulo ndendende. Ndikakwera palibe ankadziwa kuti wopalasayu ndi wa mwendo umodzi. Nthawi ya manachesi ndinkamanga madengu pa kaliyala, kutsika nawo mpaka pamsewu waukulu. Masiku amenewo Mwanza yense ankanunkhira manachesi. Madalaivala a magalimoto akuluakulu opita ku Tete ankaima, kugula dengu lathunthu, ena n'kundiyankhula Chipwitikizi atamva dzina langa. Yami, iwe umati ukatumidwa kuchigayo wafa ndi kutalika. Ine ndinkapita kumsewu ndi kubwera dzuwa lisanapendeke.

Pamsewu pomwepo panali mtsikana wogulitsa zitumbuwa, dzina lake Esinati. Ameneyo ndiye agogo anu aakazi. Nthawi imeneyo ndinali nditaika chopindikira pa kakolo, chitsulo cha chitseko ndi mphira, kuti phazi lizigonja poyenda. Chinkagwira ntchito bwino, koma chinkalira. Tsiku lina Esinati anandiuza osayang'ana n'komwe, akutembenuza zitumbuwa.

"Achimwene, mwendo wanuwo umalira ngati ngolo. Ndimadziwa kuti mwafika musanaoneke."

Ndinachita manyazi. Madzulo ndinapempha oyilo kwa dalaivala wina n'kuthira. M'mawa mwake ndinafika mwakachetechete n'kuima pambali pake. Anadzidzimuka mpaka chitumbuwa kugwera m'phulusa.

"Mwauthiriranji? Ine ndinadandaula?"

Pamenepo ndinadziwa kuti pali nkhani. Nkhondo itatha, magalimoto anabwera kudzatenga anthu a kwathu. Mayi anga ndi mlongo wanga anakwera. Ine ndinatsala, ndinali nditamanga kale nyumba kwawo kwa Esinati ngati mkamwini, ndipo amayi anu, Mariya, anali khanda la kumbuyo.

Koma musaganize kuti ndikuuyamikira ngati unalibe mlandu. Mwendo umenewo unali ngati mbuzi yosamva, sunkafuna kuti uuiwale. Anzanga akaweruka kumunda ankapita kukacheza ku bawo, ine ndinkakhala pakhonde ndi sipanala, kumanga nati, kusoka lamba, kuyanika bulangete. M'thumba mwanga simunkasowa waya ndi misomali, ngakhale m'jekete la kutchalitchi. Unkang'amba mabuluku onse pa bondo, agogo anu anatopa ndi zigamba. Zilonda zinkabwera ndi kupita. Ndipo unkasankha tsiku loipa pochititsa manyazi. Lamulungu lina ndikupita kutsogolo kukapereka chopereka, bawuti inathothoka, kathabwa kaja n'kugubuduka mpaka pa miyendo ya amayi a kwaya. Ine ndinaseka nawo anthu. Mariya, amene anali mtsikana wa sukulu, sanaseke. Anatuluka panja, ndipo pobwerera kunyumba anayenda patsogolo patali.

Mwana ameneyo sanaiwale. Atakula napeza ntchito kumalire yothandiza amalonda kuwolotsa katundu, anayamba kufunsafunsa. Chaka chimene bambo anu anabwera kudzamufunsira, Mariya anafika kuno ndi nkhani.

"Ababa, ku Blantyre kuli chipatala chopanga miyendo. Ndakulembetsani."

"Wangawu wadwala chiyani?"

"Sunadwale. Koma pa ukwati wanga ndikufuna mudzandiperekeze mutavala nsapato ziwiri."

Ndinayang'ana agogo anu kuti anditeteze. Iwo anangoti, "Pitani bambo a Mariya, mwana wapempha."

Kuchipatala kuja tinalandiridwa ndi mayi wina wachitsikana, ndiye ankapanga miyendoyo. Anandiyendetsa uku ndi uku akundiyang'ana kumbuyo, kenako anandiimika pagalasi lalitali. Ine ndinali ndisanadzionepo thupi lonse. Phewa lina linali pamwamba, lina pansi, chiuno chopendekera ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe mbali imodzi.

"Msana umakupwetekani, abambo?"

"Umapweteka, koma ndi ukalamba."

"Si ukalamba wokha. Mwendowu mwakhala mukuusintha malinga ndi kumva kwa chitsa, koma msana simunkaufunsa."

Ankanena zoona. Anakuta chitsa changa ndi nsalu zonyowa zoyera zimene zinauma n'kukhala chikombole, natiuza tsiku lobweranso. Tsikulo litafika anatulutsa uwu mukuuonawu. Ndinaunyamula, wopepuka ngati chikho. Ndinautembenuza kufuna pomangira, pomasulira, poika kanthu. Panalibe. Zonse zinali zobisika m'kati mwa chikopa chake.

"Nanga ukavuta ndimasula pati?"

"Simumasula. Osaukhoma msomali, osaupala, osauyandikiza kumoto. Mumangovala sokosi, kulowetsa, basi. Ukavuta mubwere nawo."

Ndinavala, n'kuima. Ana inu, sindikunamizani. Ndinayenda kuchoka pakhomo kufika pawindo popanda kuganiza za mwendo. Chichokereni kumunda kwa bomba kuja, sindinapondepo pansi osayamba ndamvetsera kuti pansipo pakuti chiyani. Tsiku limenelo ndinangoyenda. Pa ukwati ndinavala suti ndi nsapato zakuda ziwiri, Mariya atagwira mkono wanga, ndipo achibale a bambo anu ochokera kutali anabwerera kwawo osadziwa kanthu. Msana unasiya kupweteka. Madzulo ndinayamba kupita ku bawo ngati anzanga, ngakhale ankandidya nthawi zonse poti ndinaphunzira mochedwa. Sipanala inachita dzimbiri pawindo. Agogo anu okha ndiwo ankadandaula kuti tsopano ndimangotulukira ngati mphaka, sakhalanso ndi mpata wobisa shuga.

Zovuta zinayamba kuoneka ndi mvula. Mwendowu anaupangira pansi posalala. Kumunda wa paphiri sutalika, sufupika, umangokhala momwe anaupimira. M'matope nsapato imatsalira, phazi n'kutuluka lokha ngati la mwana wakhanda. Pa pedulo umaterereka, ndipo ndikayang'ana kunsi kwake mpeni uli m'manja, mawu a mayi wa kuchipatala uja ankandibwerera. Ndinayamba kulima kudimba kokha, kumtunda n'kusiyira aganyu.

Chaka china ndinadwala m'mimba nthawi yaitali, ndinaonda mpaka lamba wa buluku kusowa poboola. Chitsa nacho chinaonda. Mwendo unayamba kugwedera ngati khasu loguluka. Ukanakhala wakale uja, ikanakhala ntchito ya m'mawa umodzi. Uwu unafunika Blantyre, ndipo linali dzinja lenileni, msewu utadukaduka, magalimoto osafika. Ndinangokhala pakhonde kudikira kuti mvula ichepe, manja ali ndi luso lawo lonse koma opanda pogwira.

Ndi masiku omwewo agogo anu anadwala. Anayamba ndi chifuwa, iwo n'kumati ndi chimfine. M'mawa wina ndinawapeza atakhala pansi kukhitchini, akupuma ngati munthu wothamanga, milomo itasintha mtundu. Anthu onse a m'mudzi anali kumaliro kutsidya la mtsinje. Ndinaimbira wa njinga yamoto, iye anati matope ake sangayerekeze. Mariya anali kumalire, kutali.

"Ndisiyeni ndigone pang'ono, zisintha," anatero agogo anu.

"Mukagona kuchipatala ku Thambani."

Ndinayesa kukankha njinga ndi mwendo watsopanowu, sindinafike ndi pa nkhokwe pomwe, unavuka. Ndinakwawa kulowa m'nyumba n'kukoka wakale uja kunsi kwa bedi. Makoswe anali atadya lamba, bulangete litawola. Ndinang'amba chitenje chakale n'kupakira m'kati mpaka chitsa chinagwira, ndinadula chubu cha njinga n'kumanga pamwamba pa bondo. Tayala la dzinja lija linali pomwepo, kampata ka pedulo kali momwemo. Ndinawakweza agogo anu pa kaliyala, n'kuwamangirira m'chiuno mwanga ndi chitenje china ngati mwana.

Potsetsereka ndinkapalasa, pokwera ndinkatsika n'kukankha, dzanja lina litawagwira. Mvula inkawaza. Chopindikira chija chinali ndi dzimbiri, chinkalira kuposa kale. Penapake pakati pa njira ndinamva mutu wawo ukugwedezeka pamsana panga, ndinaopa kuti akukomoka. Ndinaima.

"Mayi a Mariya, muli bwanji?"

"Ndikuseka," anatero ndi mawu otsika. "Ngolo yanga yabwerera."

Tinafika ku chipatala cha ku Thambani dzuwa lili pamutu. Anati ndi chibayo, ndipo anawabaya jakisoni nthawi yomweyo. Anachira. Koma pamene ndinamasula chubu chija pabenchi, chitenje chinali chofiira. Mwendo unasemedwera chitsa cha mnyamata, ndipo unasenda chitsa cha nkhalamba ngati mbatata. Namwino amene anathandiza agogo anu ndi yemwe anamanga bala langa. Mpaka kukolola sindinavale mwendo uliwonse, ndinabwerera ku ndodo za m'khwapa, agogo anu amene ndinawanyamula aja n'kumanditungira madzi osamba.

Bala litapola Mariya ananditengera ku Blantyre. Ndinatenga miyendo yonse iwiri m'thumba la feteleza, mwina ndinkafuna kukangana. Mayi uja anaona chipsera, ndinamufotokozera zonse. Sanakalipe. Anautenga wamtengowo, kuuzunguza, kuyesa timatabwa tija ndi chala.

"Ndipangireni wonga womwewu," ndinatero, "wopepuka ngati wanuwu koma woti ndizimasula ndekha."

Anapukusa mutu. "Wanuwu munapangira munthu mmodzi, ndipo munthuyo amagona nawo nyumba imodzi. Ife timapangira anthu ambiri amene sitidzawaona mpaka chaka chithe. Ena ndi ana, ena sanagwirepo sipanala. Ndikasiya pomasula, mmodzi adzakonza bwino, ena adzabwera misana itapindika. Ndiye timatseka."

Ndinaganiza za galasi lija, ndinavomera. Anandipangira chikombole china chokwana chitsa choonda, chitsulo cha m'kati ndi phazi n'kusiya zomwezo. Anati zimenezo sizitha msanga, mwini wake akasiya amazitsuka n'kuikira munthu wina. Potsanzikana anandipatsa masokosi, ena okhuthala ena opyapyala, kuti chitsa chikaonda ndizionjezera, chikatupa ndizichotsa. Ndinaseka ndekha m'basi. Munthu amene ndinkatalikitsa mwendo pakati pa munda, luso langa lonse linathera pa kusankha sokosi.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuikanganitsa. Wakale ndinaupalanso ndi makala, ndinausokera lamba watsopano, ndipo pamene mphamvu zinalipo ndinkauvala popita kumtunda ndi pokwera njinga. Watsopano ndi wa kutchalitchi, kumsika, kuchipatala, ndi masiku onse amene ndikufuna kungokhala munthu osati mmisiri. Tsopano masiku amenewo ndiwo achuluka. Maso sakuonanso nati ikagwa pansi, zala zimanjenjemera. Ndikanakhala ndi wamtengo wokha, bwenzi pano ndili chigonere, kudikira wina adzandimangire bawuti.

Agogo anu anakhala nafe zaka zina zingapo pambuyo pa ulendo wa ku Thambani uja. Iwe Tadala ukuwakumbukira, Yami anali akuyamwa. Atadwala komaliza anandiuza kuti pa maliro awo ndisadzabwere ndi ngolo, ndidzaime mowongoka ngati pa ukwati wa Mariya. Ndinatero. Ndinavala nsapato ziwiri, ndinayenda kumbuyo kwa bokosi mpaka kumanda popanda wondigwira. A Chikopa anali atapita kalekale, bokosilo anakhoma ndi mdzukulu wawo.

Tsono pali nkhani imene amayi anu amaikana ndikaiyamba, amati ndikuitana tsoka. Ndikuuzani inu, poti makutu anu ndi atsopano. Tsiku langa likadzafika, musadzandikwirire ndi wa kuchipatalawu. Mudzauvule, mudzaupukute bwino, wina wa inu adzakwere nawo basi kukaubweza ku Blantyre. Anyamata a njinga zamoto akuthyoka miyendo tsiku ndi tsiku pamsewupa, phazi limeneli likhoza kuyendetsa wina. Wamtengowo ndiye mudzandiikire m'bokosi. Palibe munthu wina padziko amene ungamukwane.